Yambani Ndinu

Fungo la udzu wonyowa losakanikirana ndi la petulo wa ndege limandibwezera ku chisanu chimodzi chokha, cha chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Linali fungo la jekete ya bambo anga. Amayi ankaichapa ndi sopo wonunkhira n'kuiyanika masiku awiri, koma Loweruka likangodutsa fungolo linkabwerera ngati silinachokepo. Jeketeyo inkakhala pa msomali kuseri kwa chitseko cha nyumba yathu ku Rockingham, kutsidya la nyanja, kutali ndi kwawo kwa makolo anga. Ndikaweruka kusukulu ndinkaikamo nkhope pang'ono ndisanavule nsapato, chifukwa mkati mwa sabata eni akewo sindinkawaona kawirikawiri.

Bambo ankakonza makina pa fakitale ina ku Kwinana. Amayi anali namwino kunyumba yosamalirako okalamba. Ine ankandipatsirana ngati kiyi wa pakhomo: wina akamalowa, wina akumanga zingwe za nsapato kuti atuluke. Pa chitseko cha firiji panali pepala la mashifiti, a amayi olembedwa ndi cholembera chofiira, a bambo ndi chakuda, ndipo masiku amene onse awiri ankapuma pamodzi ndinkatha kuwawerenga ndi dzanja limodzi. Ndinabadwa ndekha, wopanda mchimwene, wopanda mng'ono. Anzanga akusukulu Loweruka ankasewera netibo, makolo awo ataima m'mbali ndi maambulera. Kwathu Loweruka amayi ankakhala kuntchito, choncho ndinkapita kumene bambo akupita, ndifune ndisafune.

Kumene ankapitako kunali ku kalabu ya ndege zopanda injini, ulendo wa maola awiri ndi theka kulowera kum'mawa, kumadera olima tirigu. Bambo anakulira ku Chileka, kufupi ndi bwalo la ndege, ndipo ankati ali mwana mbuzi zinkawathawa chifukwa maso ankakhala kumwamba. Atakwanitsa zaka makumi anayi, m'dziko la eni, anamva kwa mnzawo wa kuntchito kuti kuli malo amene munthu wamba amaphunzira kuuluka. Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi. "Anzanu akugula mapuloti ku Lilongwe, inu mukufuna ndege yopanda injini? Ya injini yomweyo mumagwira mpando njira yonse." Anaseka, koma sanawaletse.

Tinkanyamuka kusanache. Tinkadutsa machumuni a ku Kwinana magetsi akadali oyaka, kenako n'kukwera mapiri a nkhalango kumene bambo ankachepetsa liwiro poopa makangaru. Kunyumba bambo anali munthu wa mawu ochepa, koma m'galimoto pakamwa pankatseguka. Ankandiyankhula m'Chichewa, ine n'kumayankha m'Chingerezi monga amachitira ana ambiri okulira kuno, ndipo tinkamvana bwinobwino. Ankandionetsa mitambo, uwu wamvula, uwu wongodutsa, uwu wabodza. Maola awiri ndi theka amenewo anali anga. Tikafika pa geti ya kalabu, bambo ankasanduka a anthu ena.

Bwalolo linali dambo lalitali la udzu ndi timiyala tofiira, lokhala ndi mashedi awiri a malata, kalavani yakale, kanyumba kaja ka matayala, ndi nkhosa kuseri kwa waya. Pa mtengo wachitsulo panali thumba lalitali lalalanje losonyeza kumene mphepo ikuchokera. Ndegezo zinali zoyera, za mapiko aatali owonda ndi tayala limodzi, ndipo zikaima zinkagonetsa phiko limodzi pansi ngati nkhuku yoothera dzuwa. Kandege ka injini kankazikoka ndi chingwe. Zikafika m'mwamba woyendetsa ankamasula chingwecho n'kutsala yekha ndi mpweya. M'chilimwe nthaka ikatentha, mpweya wofunda umakwera n'kunyamula ndege kwa maola ambiri. M'chisanu mpweya wotero umasowa, mphindi khumi ndi zisanu munthu wabwerera pansi. N'chifukwa chake akatswiri ankakhala kunyumba, pabwalo n'kutsala ophunzira ndi madala opuma pantchito amene kunyumba kunkawatopetsa.

Chisanu cha kuno chimabwera ndi mvula, chinthu chimene bambo sanachizolowere mpaka lero. "Kwathu mvula imabwera kukatentha, ndipo imachenjeza," ankatero. "Ichi ndi chiperoni chamisala." Tsiku limodzi linkatha kuyamba ndi nkhungu, dzuwa n'kuwala, mvula n'kugwa, dzuwa n'kubweranso, kenako matalala. Mvulayo inkachokera kunyanja, choncho inkayamba kunyowetsa amayi ku Rockingham isanatipeze ife. Foni ya bambo inkakhala ndi ine, ndipo amayi akapeza mpata ankatumiza uthenga wa mawu awiri: "Kuno yayamba." Pamenepo tinkadziwa kuti tatsala ndi maola awiri, mwina atatu. Madala aja anali ndi mapu a nyengo m'mafoni mwawo, koma anazolowera kusuzumira m'kalavani n'kufunsa kuti, "Amayi ako akuti chiyani?" Masiku ambiri limeneli linali funso lokhalo limene munthu ankandifunsa kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Chisanu chimenecho chinali ndi malire. Gawo la fakitale limene bambo ankagwirako linali pafupi kutsekedwa, ndipo anali atapeza ntchito ku migodi ya kumpoto, yoyamba mu Sepitembala: masabata atatu kumeneko, imodzi kunyumba. Amayi ananeneratu kuti sabata imodziyo ndi ya pakhomo, osati ya nkhosa. Choncho bambo anatsala ndi Loweruka khumi ndi awiri kuti afike pamene wophunzira aliyense amalakalaka, tsiku limene mphunzitsi amatsika n'kukuuza kuti pita wekha. Inenso ndinali ndi gawo langa pa tsikulo. Amayi anasaina pepala londilola kukwera ndi mphunzitsi, koma anaika lamulo loti bambo ayambe auluka okha n'kubwerako amoyo. Pepalalo linkakhala m'kabokosi ka kutsogolo m'galimoto. Ndinkalitulutsa ulendo uliwonse, kuliwerenga, n'kulibwezera.

Pa kalabupo panali lamulo losavuta. Ndege yophunzirira ya mipando iwiri inali imodzi yokha, choncho aliyense akafika ankalemba dzina lake ndi choko pa bolodi ya pakhomo la shedi. Woyamba kufika, woyamba kuuluka. Ife tinkafika oyamba Loweruka lililonse, n'kudikira wosunga kiyi pa geti, injini ili chilirire kuti tisazizidwe. Bambo ankatenga choko, kuyang'ana bolodi yopanda kanthu, n'kulemba dzina lawo pa mzere wachitatu. Mizere iwiri yapamwamba ankaisiya. Nditawafunsa chifukwa chake, anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chimene timasambira m'manja. "Kukubwera akuluakulu. Ine ndilembe pamwamba pa a Barry, munthu wa msinkhu wa bambo anga?"

A Barry ankafika dzuwa litakwera, ndi mnzawo a Ken, onse imvi mbuu, makapu a khofi ali m'manja. Akaona mizere iwiri yopanda kanthu sankafunsa. Ankalembapo maina awo. Ndipo nkhani siinkathera pomwepo. Nthawi ya bambo ikakwana, ngati pafupi paima wina wa imvi amene dzina lake lili m'munsi, bambo ankavula chipewa, kutambasula dzanja kuloza ndege, n'kunena m'Chingerezi chawo chaulemu kuti ayambe iyeyo. Mdalayo ankati, "Thanks, mate," n'kukwera.

Kwathu mawu amenewo ali ndi anzake. Wina akati yambani ndinu, iwe umati ayi, yambani ndinu, ndiye mumakankhirana pang'ono mpaka woyeneradi ayambe, aliyense ulemu wake uli m'manja. Bambo ankaponya theka lawo n'kudikira theka linalo, koma silinkabwera. Anthu aja sanali oipa mtima. Galimoto yathu ikanafa panjira akanabwera kudzatikoka, ndipo a Ken tsiku lina anandibweretsera magolovesi a mdzukulu wawo ataona zala zanga. Kungoti kwa iwo munthu akati tenga, ndiye kuti sakuchifuna. Izi ndikuzilongosola bwino lero. Panthawiyo ndinkangoona bambo anga akudyeredwa masuku pamutu, iwo eni akumwetulira.

Ana ena pabwalopo kunalibe. Sindinkaloledwa kudutsa mzere wa matayala opakidwa laimu popanda munthu wamkulu, choncho malo anga anali m'kalavani, mmene munkanunkha khofi wakale ndi makatani onyowa. Homuweki ndinkaimaliza nthawi ya teni isanakwane. Magazini akale a ndege ndinawawerenga onse kawiri, mpaka zotsatsa malonda. Kenako ndinkapukuta nthunzi pa windo ndi mkono wa juzi n'kumayang'ana. Zinkhwe zapinki zinkatera pa waya n'kuyamba kukangana. Nkhosa zinkatembenukira mbali imodzi mphepo ikasintha, ndipo ndinayamba kuzikhulupirira kuposa thumba lalalanje lija. Kutali ndinkaona bambo akupukuta mapiko ndi nsalu, chifukwa phiko lonyowa silinyamula bwino. Ankapukuta mosamala ngati akupukuta mbale za alendo, kuti wina akwere. Ndinene mosabisa, ndinkasungulumwa kwambiri, ndipo chinkandipweteka koposa n'choti bambo anga ndinkawaona tsiku lonse koma anali kutali ngati ali kuntchito.

Loweruka lina mu Julayi kunacha bwino zedi, thambo lopanda kachidutswa ka mtambo. Uthenga wa amayi unafika nthawi ya teni. A Barry anauluka, a Ken anauluka, ndipo bambo anavala parashuti, chithumba chija amamanga kumsana aliyense wokwera. Pomwepo panaima galimoto, n'kutsika mayi wina atagwira dzanja bambo ake okalamba, amene anawabweretsa kudzakwera ndege pa tsiku lawo lobadwa. Dzina lawo linali lachisanu pa bolodi. Ndinaona pa windo bambo akumasula malamba a parashuti n'kumuveka mkuluyo ndi manja awo. Ndegeyo itabwerera, kumadzulo kunali kutada bii. Madontho oyamba anawapeza bambo atangoika phazi limodzi mkati. Anatsika, nathandiza kukankhira ndege m'shedi.

M'galimoto ndinaphulika. Ndinawauza m'Chingerezi chothamanga kuti tadzuka mbandakucha pachabe, kuti anthu aja akuwaseka, kuti ine sindidzakwera mpaka ndidzamere imvi ngati a Barry, mwina pamenepo ndiye adzandipatsa malo. Titadutsa mlatho wa kamtsinje kamchere, bambo anandicheukira.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero.

"Nkhono siuluka," ndinayankha.

Anaseka pang'ono, koma kusekako sikunafike patali. Njira yotsalayo tinangomva mawaipa akupukuta galasi. Madzulo pa tebulo amayi atamva nkhaniyo anaika foloko pansi. "Bambo a Tadala, papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Kuno si ku Chileka. Mukawapatsa amatenga, ndipo mawa sakumbukira." Bambo anangoti ulemu ndi ulemu kulikonse, natenga mbale yawo kukatsuka.

Mphunzitsi wawo anali mayi Helen, wamfupi, wa mawu aakulu, amene kale ankaphunzitsa masamu ku sekondale. Sabata yotsatira, mvula ikugwa, analowa m'kalavani, kukhala moyang'anana nane, n'kundifunsa mosazungulira. "Tadala, kodi bambo ako amaopa? Amayendetsa bwino kuposa ophunzira anga onse, koma nthawi yawo ikakwana amathawa. Ngati ndi mantha andiuze, si chamanyazi." Sindinkadziwa kuti anthu akuona choncho, ndipo ndinachita manyazi kuposa akanati akuwaseka. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti saopa, amangoti ena aja ndi akuluakulu. Mayi Helen anaseka kamodzi, kenako anasiya kuseka. Anayang'ana mvula pa windo, n'kutuluka.

Loweruka lotsatira tinawapeza atafika kale, choko chili m'manja. Dzina la bambo linali pa mzere woyamba, lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu za mphunzitsi wa masamu, pansi pake atadula mzere. "Lameki, ili ndalemba ine. Ukalifufuta wandinyoza ine." Bambo anavula chipewa. Lamulo la aphunzitsi linali chinthu chimene ankatha kulandira popanda kudziona wamwano. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuuluka m'mawa uliwonse, nthawi zina kawiri, ndipo pobwerera ankandifotokozera zonse, dzanja limodzi pa chiwongolero, linalo likupendekera uku ndi uku ngati phiko. Koma masabata asanu ndi limodzi anali atapita kale m'manja mwa ena. Ogasiti nayenso anatenga gawo lake: Loweruka awiri mvula inagwa tsiku lonse, tinangokhala m'shedi kumvera malata. Lina mphepo inawomba chopingasa bwalo, moti ngakhale kandege kokoka sikanatuluke.

Loweruka lomaliza linafika minda ya kanola, mbewu yofinya mafuta, itachita maluwa, chikasu chokhachokha mbali zonse za msewu. Chikwama cha bambo cha kumpoto chinali chitalongedwa kale kunyumba, nsapato zachitsulo zili pamwamba. Nkhungu inagwira bwalo mpaka teni koloko. Itachoka, bambo anakwera ndi mayi Helen kawiri. Ulendo wachiwiri mayiwo anamasula chingwe mwadala ndege ikadali pansipansi, kuyesa ngati wophunzira angadzipulumutse, ndipo bambo anaitembenuza n'kutera bwinobwino. Kenako kamvula kanadutsa, onse anathawira pansi pa denga la shedi. Kanatha, dzuwa linatuluka, mphepo inali yofatsa, yowomba molunjika bwalo. Anthu anatenga nsalu n'kuyamba kupukuta mapiko, nthawi ino kupukutira bambo anga.

Uthenga wa amayi unali utafika kale, kamvula kaja kasanayambe, ndipo unali wautali kuposa masiku onse. "Kuno yayamba, ndipo ndi yamphepo. Yagwetsa mabini mumsewu monse." Ndinauwerenga ndekha, ndinawawerengeranso madala aja. Woyendetsa kandege kokoka anayang'ana wotchi, kuyang'ana kumadzulo, n'kukweza chala chimodzi. Ulendo umodzi, kenako zonse m'shedi mphepo isanafike. Chala chimenecho ndinachiona ndi maso anga. Ndikulemba izi kuti ndisadzinamize, chifukwa kwa zaka zambiri ndinkanena kuti sindinkadziwa.

Ndinatuluka m'kalavani n'kudutsa mzere wa matayala popanda wondiperekeza, pepala la amayi lili m'thumba la juzi. Palibe anandibweza. Mayi Helen anawerama m'mpando wakumbuyo, kuchotsa khushoni lawo, n'kumanga malamba pa mpando wopanda munthu. Aliyense pabwalopo ankadziwa tanthauzo lake. A Barry anawomba m'manja pang'onopang'ono. Bambo anali m'mpando wakutsogolo, malamba atamanga, dzanja lili pa chivundikiro chagalasi kuti atseke. Ndinaima pafupi ndi nsonga ya phiko. Sindinalire, sindinapemphe, koma nkhope ya mwana wa zaka khumi ndi chimodzi siidziwa kusunga chinsinsi. Bambo anandiyang'ana. Anayang'ana kumadzulo. Kenako anamasula malamba n'kutsika.

"Lameki, uwu ndi wako," anatero mayi Helen. "Palibe wa imvi pano amene akutsogolere lero."

Bambo anawayankha motsitsa mawu, zimene sindinamve. Anabwera kwa ine atavula chipewa, natambasula dzanja kuloza ndege monga ankachitira kwa madala aja. Chibadwire changa ankanditchula kuti iwe. Tsiku limenelo anati, "Yambani ndinu, amayi."

"Thanks, Dad," ndinatero, n'kuthamangira ku ndege, lamulo la amayi lija nditaliiwala dala.

Popeza ndinali wopepuka, anamangirira zitsulo zolemera pansi pa mpando. Parashuti anandiveka bambo, ikadali yofunda ndi msana wawo, n'kukoka malamba mpaka kumapeto. Mayi Helen anabwezera khushoni lawo. Chivundikiro chitatsekedwa, phokoso la dziko linachepa. Bambo ndiwo ananyamula nsonga ya phiko. Chingwe chinawongoka, ndege inagwedezeka, ndipo ndinawaona pambali akuthamanga nafe, masitepe asanu, asanu ndi limodzi, kenako anasiya phikolo n'kutsalira m'mbuyo. Timiyala tinalira pansi pa tayala kwa kanthawi, n'kusiya.

Chingwe chitamasulidwa kunamveka kuti phwa, kandege kaja n'kupendekera kumanzere kutsika. Kunatsala kamphepo kolira pang'ono m'mbali mwa galasi, basi. Pansi panali minda yachikasu ndi yobiriwira yodulidwa ngati zigamba za chitenje, madamu ofiirira, tinyanja tamchere toyera, msewu wathu ukulowa m'mapiri. Kumadzulo kunali khoma lakuda lochokera kumwamba kufika pansi, ndipo ndinaganiza kuti amayi ali kuseri kwake. Mayi Helen anandilola kugwira ndodo yowongolera. Nditaikankha pang'ono, dziko lonse linapendekeka chifukwa cha dzanja langa. Ndinasangalala kwambiri, chisangalalo chimene sindinachimvepo chaka chonsecho, ndipo ngakhale lero sindingathe kuchikana. Potembenuka kuti titere ndinaona bwalo. Anthu anali atapita kukatsegula zitseko za shedi. Kumapeto kwa dambo kunatsala kadontho kamodzi kataima pamene tinanyamukira, ndipo ndinakabayibitsa ngati kangandione.

Tinatera mphepo itayamba kukankha udzu. Madontho anatipeza tikukankha ndege, ine ndili kuphiko, bambo ali kumchira. A Ken anawagwira paphewa n'kuwauza kuti chilimwe chikubwera, adzauluka okha nthawi imeneyo. Bambo anavomera ndi mutu. Mayi Helen anawagwira chanza nthawi yaitali, ine osandiyang'ana, ndipo ndinaganiza kuti ndi kutopa. M'galimoto bambo anandifunsa kuti, "Waona chiyani kumwambako?" Ndinayankhula njira yonse. Kwa nthawi yoyamba chisanu chonsecho wofotokoza ndinali ine, dzanja likupendekera uku ndi uku, iwo akumvetsera, mvula ikumenya galasi mpaka kufika ku Kwinana. Lolemba m'mawa amayi anawaperekeza ku bwalo la ndege zazikulu ndi chikwama chawo. Ku kalabu kuja sanabwererenso. Chilimwe chinabwera n'kupita, kenako china, ndipo sabata yawo yopuma inkathera kukonza mipope, kupita kutchalitchi ndi kugona.

Chichewa ndinayamba kuyankha nacho ndili ku yunivesite ku Crawley, nditachita manyazi pamaso pa anzanga ongobwera kumene kuchokera ku Lilongwe. Ndi chinenerocho kunabwera zina zimene ndinkangoziona osazimva: kukana kapu ya tiyi kamodzi usanailandire, kukankhirana pakhomo la tchalitchi ndi mayi wachikulire mpaka nonse museke. Chaka chatha, bambo atapuma pantchito, tinali pakhonde la nyumba yomwe ija tikusenda mtedza, mitambo ikubwera kuchokera kunyanja. Funsolo ndinali nalo kwa nthawi yaitali.

"Ababa, tsiku lija ndikanakana, mukanakwera?"

Anapitiriza kusenda. "Ukanakana kamodzi, ndikanakukakamiza."

"Nanga kawiri?"

"Kawiri ndikanakwera." Anauzira makoko m'dzanja. "Koma unali mwana. Ndipo unabwerako ukuyankhula."

Sananene mowawidwa. Ndili mwana ndinkaganiza kuti bambo anandipatsa malo aja chifukwa kupatsa kunali kosavuta kwa iwo, kuti mwina kuuluka okha sankakufuna kwenikweni. Ndinkaganiza ngati a Barry. Lero ndikudziwa kuti ankakufuna ndi mtima wonse, ndipo anatambasulabe dzanja, n'kuima kanthawi kochepa kudikira ngati yankho lingabwere. Madala aja ndinawakwiyira chisanu chonse, koma iwo analibe kodziwira. Pa bwalo lonse lija, womva Chichewa kupatula bambo ndinali ine ndekha.